Mafunso a Owerenga: Cholembera cha Inki Chotchipa, Kasamalidwe ndi Kakonzedwe Kake

Mwezi uno tasankha makalata okhudza zolembera za inki zokhala ndi nibu, zija pa Chingerezi amati fountain pen, makamaka zotsika mtengo zimene anthu ena amazisonkhanitsa, kuzimasula ndi kuzikonza monga chinthu chowasangalatsa pa nthawi yopuma. Makalata ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

Funso: Malemu bambo anga ankakonda kusimba za masiku amene ana asukulu ankalemba ndi nibu yoviika m'kabotolo ka inki, koma ine ndakula ndi bolopeni. Tsopano dzanja limandipweteka ndikachonga makope ambiri, ndipo ndamva kuti cholembera cha inki sichitopetsa. Anzanga akunena kuti kugula chotchipa n'kutaya ndalama. Kodi n'zoona, nanga ndiyambe ndi chiti? — Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, zimene mwamva zokhudza dzanja n'zoona, koma zimene anzanuwo akunena za mtengo sindikugwirizana nazo. Inki ya bolopeni ndi yolimba ngati phala, ndipo kuti ituluke pamafunika kukanikiza kuti kampira kakunsonga kazigudubuzika papepala. Inki ya cholembera cha nibu ndi yamadzimadzi. Imatsika yokha kudzera m'timizere ta kachipangizo kakuda kogona pansi pa nibu, kotchedwa feed, ndipo pepala limaikoka nibu ikangolikhudza. Kachipangizo komweko kamalowetsa mpweya kuti utenge malo a inki imene yatuluka, ndipo luso limeneli ndi limene linatchukitsa Lewis Waterman wa ku New York kuyambira mu 1884. Bolopeni inabwera pambuyo pake, László Bíró atalembetsa yake mu 1938 ndi Bic Cristal itatuluka mu 1950, ndipo inapambana chifukwa chakuti ndi yotchipa ndiponso safuna chisamaliro, osati chifukwa chokomera dzanja.

Pa nkhani ya mtengo, chimene chimakhudza pepala si golide kapena chitsulo cha nibu, koma kanjere ka chitsulo cholimba kwambiri kowotchereredwa kunsonga kwake. Kanjereko kakasalazidwa bwino, ndipo mano awiri a nibu, kutanthauza magawo awiri a nsonga yake yogawika pakati, akakhala molingana, cholembera chotchipa chimayenda papepala mofanana ndi chodula. Ndalama zambiri zimagula golide, kukongola ndi dzina, ndipo zimenezi zili ndi ubwino wake, koma si zimene zidzapumitse dzanja lanu.

Ku Japan kuli makampani akale amene amapanga zotchipa mosamala. Platinum, imene inayamba mu 1919, ili ndi Preppy, cholembera cha pulasitiki choonekera m'kati chimene kumayiko ambiri sichifika madola 10, ndipo chivundikiro chake chili ndi kasipuling'i kamene kamatseka nibu kuti inki isaume ngakhale mutachisiya kwa miyezi. Pilot, ya mu 1918, ili ndi Kakuno, chimene anachipangira ana, n'chifukwa chake panibu yake pali kankhope komwetulira kosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba. Lamy Safari ya ku Heidelberg, imene inatuluka mu 1980, ndi yolimba koma yokwererapo mtengo. Ku China kuli Jinhao, komanso Hero ya ku Shanghai, imene cholembera chake cha 616 chinatengera maonekedwe a Parker 51 ya mu 1941. Zina mwa zolembera za ku China n'zolemera ndiponso zonyezimira, ndipo pano ndikuchenjezeni kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: cholembera cholemera chimakoma pochionetsa kwa anzanu, koma pa kope la makumi asanu dzanja limadandaula.

Inuyo yambani ndi Preppy ya nibu ya 03 kapena Kakuno ya nibu ya F. Nibu za ku Japan zimalemba mzere wowonda kuposa za ku Ulaya za chilembo chomwecho, ndipo mzere wowonda umathira inki yochepa, imene ndi nkhani yaikulu pa mapepala opyapyala a makope a ana, pamene inki yambiri imamwazika ngati mizu ya udzu n'kutulukira kuseri.

Funso: Ndinagula cholembera chotchipa, koma chimakanda pepala ndipo nthawi zina chimadumpha zilembo. Mnzanga wandiuza kuti ndinole nibu pa sandipepa. Ndichite zimenezo? — Wophunzira, Zomba

Yankho: Ayi mwanangu, sandipepa uyambe wamuika patali. Pa mafunso onse amene ndalandira, ili ndi limene ndikufuna kuliyankha mofatsa, chifukwa apa ndi pamene nibu zambiri zabwino zimafera. Kukonza cholembera kuli ndi ndondomeko yake, ndipo umayamba ndi zimene ungathe kuzibweza ukalakwitsa. Kunola sikubwezeka.

Choyamba, chitsuke. Zolembera zatsopano zambiri zimabwera ndi timafuta ta ku fakitale m'timizere ta feed, ndipo inki, pokhala ya madzi, imakana kudutsa pamafuta. Thira kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu ya madzi ozizira, ulowetse ndi kutulutsa madziwo kangapo kudzera kunibu, kenako utsukuluze ndi madzi oyera mpaka thovu litatha. Usagwiritse ntchito madzi otentha kapena spiriti, chifukwa zimawononga pulasitiki. Imika nibu pa kansalu usiku wonse kuti madzi atuluke. Kudumpha zilembo nthawi zambiri kumathera pomwepa.

Chachiwiri, yang'ana mano a nibu. Pamafunika galasi lokulitsira zinthu, makamaka lokulitsa kakhumi, koma kamera ya foni imathandiza ukaiyandikizitsa pa kuwala kokwanira. Lozetsa nsonga kumaso kwako, ndipo uone ngati magawo awiri a kanjere aja ali pa mzere umodzi. Njira ina ndiyo kulemba mizere yopita kumanja, kumanzere, kumwamba ndi pansi. Nibu ikamakanda popita mbali imodzi yokha, dziwa kuti dzino limodzi latsika kuposa linzake, ndipo m'mphepete mwake mwam'kati ndi mmene mukukola pepala. Ikamakanda popita kumanja, kawirikawiri dzino lakumanzere (ukachigwira monga polemba) ndi limene latsika. Likweze ndi chikhadabo pang'onopang'ono, ulisiye, uyang'anenso, ulembenso. Nthawi zina umabwereza kasanu kapena kakhumi, chifukwa chitsulo chimabwerera pamene chinali, ndipo ukachikankha ndi mphamvu chimapindika kosabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, ngati mano ali molingana koma mzere ndi wotuwa ndi wouma, kwezera nibu ku kuwala. Mpata wa pakati pa mano uyenera kuoneka kuchokera pa kabowo kapakati, n'kumachepa mpaka kunsonga kumene mano amangotsala pang'ono kukhudzana. Akapanikizana kwambiri, inki imavutika kudutsa. Okonza nibu amadutsitsamo kachitsulo kopyapyala kwambiri ka brasi, kamene ndi kofewa kuposa nibu. Lezala usaliyese, chifukwa ndi lolimba ndipo limasiya mabala m'kati mwa mpatawo.

Zonsezi zikalephera, m'pamene timasalaza, ndipo sitigwiritsa ntchito sandipepa wa matabwa koma kansalu kosalala kwambiri kotchedwa micromesh, ka nambala 12000. Cholembera chikhale ndi inki, ulembe chilembo cha 8 katatu kapena kanayi mosakanikiza, kenako uyese papepala. Ndikunena izi chifukwa ndinaphunzira movutika. Usiku wina ndinali ndi nibu imene inkangokanda pang'ono, ndipo itayamba kusalala ndinakomedwa n'kupitiriza. M'mawa mwake inkatsetsereka ngati pagalasi, koma chilembo choyamba cha mawu alionse sichinkatuluka. Nditayang'ana pagalasi lokulitsira ndinaona kuti m'mphepete mwam'kati mwa kanjere monse munali mutabulungika, moti pakati panatsala kampata kamene inki inkaimamo osafika papepala. Nibu ija ndinaisunga m'kabokosi ka machesi, ndipo ndimaionetsa aliyense amene akufuna kuyamba kunola. Mwayi wake unali wakuti inali ya cholembera chotchipa. Ichi ndi chifukwa chenicheni chimene ndimakondera zotchipa: munthu umalimba mtima kuzimasula, umaona mmene zimagwirira ntchito, ndipo ukalakwitsa umataya zochepa koma umatsala ndi luso.

Funso: Kuno makatiriji, timachubu ta inki tolowetsa m'cholembera, sapezeka kawirikawiri. Kodi ndingathire inki ya chidindo kapena ya makina osindikizira? Komanso ndimalemba m'kaundula wa ubatizo ndi maukwati, choncho ndikufuna inki yosafufutika. — Mlembi wa mpingo, Lundazi

Yankho: Bambo, inki ya chidindo ndi ya makina osindikizira sizinapangidwire timizere ta feed, choncho musaziyese. Choopsa kuposa zonse ndi inki yakuda ya ojambula yotchedwa India ink, chifukwa nthawi zambiri imakhala ndi utomoni umene ukauma m'kati mwa cholembera madzi sausungunula. Botolo limene mukugula lilembedwe kuti ndi la fountain pen.

Vuto la makatiriji lili ndi njira yake. Dziwani kaye kuti sionse amalowa paliponse: Pilot, Platinum, Lamy ndi Parker aliyense ali ndi mtundu wakewake, pamene zolembera zina zambiri zimalandira mtundu umodzi wofala padziko lonse. Musataye katiriji ikatha. Gulani sirinji ku famase, mubunthitse nsonga ya singano yake kuti isakubayeni, mutsuke katirijiyo ndi madzi, kenako muidzaze ndi inki ya m'botolo. Katiriji yaifupi siikwana mililita imodzi, choncho botolo la Parker Quink la mamililita 57 limadzaza makatiriji oposa 60. Pakamwa pa katiriji pakayamba kukula kapena kung'aluka, m'pamene mumaitaya. Njira ina ndi kapampu kotchedwa converter, kamene kamalowa pamalo a katiriji n'kumakoka inki kuchokera m'botolo. Quink, imene yakhalapo kuyambira mu 1931, pamodzi ndi Pelikan 4001 ndi inki za Waterman, ndi zofatsa ndipo sizivuta kutsuka.

Koma za kaundula mwafunsa bwino, chifukwa inki zambiri za masiku onse ndi utoto wosungunuka m'madzi, ndipo denga likadontha m'nyengo ya dzinja dzina la mwana likhoza kusanduka banga la buluu. Pali inki za mtundu wakale zotchedwa iron gall, zimene zimakhala ndi mchere wa chitsulo. Polemba zimaoneka zabuluu wotuwa, koma zikakumana ndi mpweya zimada n'kumatirira m'pepala momwemo. Ku England inki ya mtundu umenewu ndi imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'makaundula a boma, ndipo kampani ya Diamine ya ku Liverpool imagulitsa ina yotchedwa Registrar's Ink. Rohrer & Klingner ya ku Germany ili ndi ina yotchedwa Salix. Palinso Platinum Carbon Black, imene ndi tinthu ting'onoting'ono takuda toyandama m'madzi, ndipo ikauma madzi saichotsa. Inki zimenezi zimafuna kuti cholembera chizitsukidwa pakatha masabata angapo ndipo chisasiyidwe kuti chiume, choncho ndi bwino kupatula cholembera chimodzi chotchipa kuti chikhale cha kaundula yekha. Musanalembe m'buku la mpingo, lembani papepala lina, mudikire tsiku limodzi, kenako mudonthezerepo madzi kuti muone chimene chitsale.

Funso: Ndamva kuti ena amachotsa katiriji n'kudzaza inki m'mimba monse mwa cholembera. Kodi zimatheka bwanji, ndipo sichingandidetsere malaya? — Wowerenga, Nsanje

Yankho: Zimatheka achimwene, ndipo ndi mmene zolembera zoyambirira zinkadzazidwira, pogwiritsa ntchito kachubu kodonthezera mankhwala m'maso. N'chifukwa chake mpaka lero njirayi amaitchula kuti eyedropper. Preppy ndi imene anthu amakonda kuisintha motere, chifukwa mimba yake ndi ya pulasitiki yokhayokha yopanda bowo, ndipo ikadzazidwa imanyamula inki yochuluka kangapo kuposa katiriji. Pamafunika kamphete ka mphira kokwana pamazinga pamene zigawo ziwiri zimamangirana, ndiponso girisi wa silicone wosasakaniza ndi china chilichonse. Mafuta odzola ochokera ku petulo musawagwiritse ntchito, chifukwa amafooketsa mphira. Pakani girisi wochepa pamazinga pokha, samalani kuti asafike pa feed, ndipo mumange mpaka kamphete katagwira, osapitirira, chifukwa pulasitiki yopyapyala imang'aluka. Poyamba dzazani madzi, muchigoneke pa pepala loyera usiku wonse, ndipo pepalalo likadzuka louma m'pamene muthire inki. Cholembera cha mimba ya chitsulo, monga Jinhao X750 kapena Pilot Metropolitan, sichiyenera kusinthidwa motere chifukwa inki imadya chitsulo, ndipo Safari ndi Kakuno zili ndi mabowo m'mimba mwake.

Funso lanu la malaya ndi lomveka kwambiri poona kumene mukukhala. Inki ikamachepa, malo ake amadzaza ndi mpweya, ndipo mpweya ukatenthedwa umafufuma n'kukankha inki kunibu. Kutentha kwa dzanja lokha kumakwanira kuti dontho lalikulu ligwere pakati pa kalata, nanga kuli bwanji dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Shire, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40? Komabe ku India, kumene nakonso kumatentha, zolembera za mtundu umenewu zakhala zofala kwa zaka zambiri, monga za Airmail za ku Mumbai ndi za Ratnam za ku Rajahmundry; za Ratnam zinayamba kupangidwa mu 1932 ndipo zambiri ndi za mphira wolimba wotchedwa ebonite. Ozidziwa amadzaza inki isanatsike kwambiri, ndipo asanayambe kulemba amachifumbata kwa kanthawi nibu italoza kumwamba, kuti mpweya wofufumawo utuluke wokha popanda kukankha inki. Maganizo anga ndi akuti chosinthidwacho chizikhala patebulo kunyumba, pamthunzi, choimika nibu m'mwamba, ndipo m'thumba la malaya muziyenda ndi cha katiriji.

Funso: Ndimalemba mayina pa makhadi a ukwati ndi pa masatifiketi. Ndikufuna zilembo zokhala ndi mizere ina yonenepa, ina yowonda. Kodi ndingasinthe nibu popanda kugula cholembera chodula? — Mayi wa bizinesi, Johannesburg

Yankho: Mungathe mayi, ndipo mbali imeneyi ndi imene imakopa anthu ambiri. Pa zolembera zotchipa zambiri nibu ndi feed zimangolowetsedwa mothina, moti mukazigwira pamodzi ndi kachidutswa ka mphira n'kukoka molunjika, zimatuluka. Jinhao X450 ndi X750 zimalandira nibu za saizi yotchedwa nambala 6, imene makampani a ku Germany monga JoWo ya ku Berlin ndi Bock ya ku Heidelberg amapanganso, ngakhale kuti kupindika kwake kumasiyana pang'ono, choncho nthawi zina pamafunika kuyesa kuti nibu igone bwino pa feed. Pa Safari nibu imatsetsereka yokha mukaimata ndi selotepi n'kukoka, ndipo Lamy imagulitsa nibu zafulati za mamilimita 1.1, 1.5 ndi 1.9. Nibu yafulati ya Pilot Plumix imalowa pa Kakuno ndi pa Metropolitan.

Nibu yafulati ndi imene ndikukulimbikitsani. Polemba kutsika imasiya mzere wonenepa, polemba chopingasa wowonda, ndipo zimenezi zimachitika zokha popanda kukanikiza, moti ngakhale kalembedwe wamba kamaoneka kaulemu. Ya 1.1 ndi yoyenera mayina pa makhadi, pamene mitu ikuluikulu imafuna Pilot Parallel, imene ina imafika mamilimita 6.

Mudzamvanso za anthu amene amaika nibu yoviika ya Zebra G, ya ojambula zithunzi a ku Japan, pa Jinhao. Nibu imeneyi imatambasula mano mukaikanikiza, ndipo imatulutsa mizere yokongola kwambiri yoyambira kuwonda ngati tsitsi mpaka kunenepa. Koma siinapangidwe kuti izikhala m'inki nthawi zonse, choncho imachita dzimbiri ndipo imafuna kusinthidwa pafupipafupi, komanso feed ya pulasitiki nthawi zina imalephera kupereka inki yokwanira, moti mzere wonenepa umatuluka ngati njanji ziwiri zopanda kanthu pakati. Ndi chinthu chabwino chophunzirirapo madzulo, koma osati pa makhadi 200 amene mwini ukwati akuwadikira Loweruka. Ndipo khadi lililonse latsopano muziyamba mwaliyesa, chifukwa pa mapepala onyezimira inki ya madzi siuma.

Funso: Kodi ndingalembere m'buku la malisiti lokhala ndi kaboni? — Wogulitsa m'sitolo, Mzuzu

Yankho: Ayi bambo. Kaboni amafuna kukanikiza, ndipo kukanikiza kumatambasula mano a nibu. Pamenepo bolopeni ndiyo yoyenera.

Funso: Pokonza katundu wa malemu agogo anga aamuna, amene anali kalaliki, ndapeza m'sutikesi cholembera cha Hero chobiriwira, cha chivundikiro cha chitsulo ndi nibu yobisika. Sichilemba. Kodi chingadzukenso? — Mdzukulu, Kasungu

Yankho: Pepani ndi maliro, mwanangu. Chiyembekezo chilipo chachikulu, chifukwa zolembera zoterezi nthawi zambiri sizikhala zowonongeka koma zimangotsekeka ndi inki imene inauma zaka zapitazo. Masula mimba yake mofatsa, ndipo ikakana usaikakamize. M'kati upezamo kathumba kofewa kokutidwa ndi chitsulo, kokhala ndi kachitsulo kena kofinyira. Viika mbali ya nibu yokha m'kapu ya madzi ozizira, ndipo uona kautsi ka buluu kapena kakuda kakutuluka pang'onopang'ono n'kumatsikira pansi pa kapu. Sintha madziwo m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri kapena atatu. Kenako finya kathumba kaja nibu ili m'madzi: ukaona thovu likutuluka ndipo madzi akukwera ukasiya, ndiye kuti kathumbako n'kamoyo. Bwereza mpaka madzi otuluka ayere, uchiumitse pa kansalu, kenako uthire inki yofatsa ya buluu, osati zija za kaundula.

Kathumba kakakhala kouma kapena kong'ambika, kamasinthika, koma usaphunzirire pa cholembera cha agogo. Gula Hero 616 yatsopano, imene kapangidwe kake n'kofanana, uyambe wamasula imeneyo kuti udziwe zimene zili m'kati. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha: nibu ya agogo usainole, ngakhale itamveka yachilendo m'dzanja lako. Ukaiyang'ana pagalasi lokulitsira ukhoza kupeza kuti kanjere kake kanaperepeseka mbali imodzi, pamene pankakhudza pepala zaka zonse zimene ankalemba. Tembenuza cholembera pang'onopang'ono pakati pa zala mpaka pamalo pamene chisiye kukanda, ndipo pamenepo udzakhala utachigwira mmene iwo ankachigwirira.